Ndinali ku Beira Koma Ndisanafike

Kwathu kwa Ndamera kuli anthu amene mpaka lero akandiona amamenya chibakera pachikhatho ngati akudinda kalata, kenako n'kufa nacho chiseko. Sindiwakwiyira, chifukwa ndinaziputa ndekha. Ine ndine mtsikana uja anavutikira viza miyezi yathunthu, n'kuipeza, n'kukaionetsa kutchalitchi, kenako n'kulowa m'dziko la eni ake kudzera m'munda wa mbatata. Popeza nkhaniyi aliyense amaikamba mmene akufunira (ena amati ndinagona m'chitokosi, lomwe ndi bodza lamkunkhuniza), ndati ndiikambe ndekha mwini wake.

Muyenera kudziwa kaye mmene kwathu kulili. Mudzi wathu uli pamalire penipeni. Malemu bambo anga anathawira kuno kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo akadali mnyamata, ndipo nkhondo itatha anatsalira, n'kukwatira amayi. Mlongo wawo wamkulu, azakhali a Rozina, anabwerera kumudzi kwawo, komwe ndi tsidya la dambo chabe. Ukaima pachulu cha kumunda kwathu denga lawo limaoneka. Malire a mayiko awiriwa ndi chipilala cha simenti chomwe chili pakati pa mizere ya mbatata, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti ntchito yake ndi kunolerapo makasu ndi kumangirirapo mbuzi. Ku Mozambiki ankandituma kukabwereka sefa, n'kubwerako ufa usanaume pamphasa. Palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene munthu anandifunsa pepala.

Ndiye bungwe lina la mpingo litandisankha kuti lindilipirire maphunziro a za madzi ndi ulimi wothirira ku yunivesite ina ku Beira, ndinaseka nditamva zoti ndikufunika viza. Viza yopitira kwa azakhali? Anandifotokozera kuti kucheza ndi kwina, kuphunzira ndi kwina. Wophunzira wochokera kunja amafunika viza yake ya sukulu, ndipo akafika amakapempha chiphaso chokhalira m'dzikomo mpaka atamaliza. Ndinati chabwino, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Za ulendo wa mapepala sindikufuna kukutopetsani, koma dziwani kuti chitunda cha Thabwa, cha panjira ya ku Blantyre, ndinachikwera mpaka makondakitala anayamba kundipatsa moni wa pachibale. Ndikapita ku Blantyre ku ofesi yopereka viza ndi kalata ya sukulu, amati palibe ya apolisi yotsimikiza kuti sindine chigawenga. Ndikabwera ndi ya apolisi, ya kuchipatala yakalamba. Zithunzi zoyamba anazikana chifukwa ndinavala duku, zachiwiri chifukwa ndinamwetulira (ndipo ndinaoneka bwino kwambiri pa zimenezo, ndimazisungabe). Pa zachitatu ndinatuluka ngati munthu amene wangouzidwa kuti mbuzi zake zadya chimanga cha eni, ndipo izo ndi zimene analandira mokondwa.

Tsiku limene viza inatuluka, bambo wa pawindo anandiuza zinthu zingapo pondipatsa pasipoti. Anali munthu waulemu, analankhula pang'onopang'ono, mpaka analoza ndi chala pamene panalembedwa tsiku. Ndimakumbukira kuti ndinamva mawu akuti "pachipata" ndi akuti "isanathe". Zina zonse zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa maso anga anali pa kapepala konyezimira kaja, kokhala ndi dzina langa ndi nkhope yanga yolusa. Ndinangoti "zikomo bwana, ndamva" n'kutuluka ndikuvina chamumtima. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa pamenepo, ndinauzidwa n'kudyabe.

Lamulungu lotsatira abusa anandiimiritsa kutsogolo. Pasipoti inayenda bwalo lonse la tchalitchi, amayi a chigwirizano akupukuta manja pachitenje asanaigwire. Agogo ena anaiyang'ana chozondoka n'kunena kuti yalembedwa bwino. Kwaya inaimba, anthu anandipempherera, ndipo ine ndinaima pamenepo nditatukumuka ngati nkhukundembo. Mwana woyamba m'mudzi mwathu kukaphunzira kunja! Kuti kunjako kumayambira kuseri kwa chulu cha kumunda, palibe anakumbutsa.

Dongosolo langa linali labwinobwino. Ndimati ndikwere njinga yamoto kukafika pachipata cha malire cha pa Marka, ndiwoloke monga anthu ophunzira amachitira, kenako ndipeze galimoto yopita ku Mutarara kukakwera sitima. Koma litatsala tsiku limodzi, amayi anandiyang'ana modabwa.

"Ndiye ukufuna upite osatsanzika azakhali ako? Bambo ako kulibe, amene watsala ndi iwowo. Anthu amva kuti chiyani?"

Kwa ife, mlongo wa bambo ndi bambo ndithu. Sungapite ulendo waukulu asanakuike manja. Choncho masana omwewo tinanyamuka, amayi atasenza sutikesi, ine nditanyamula chikwama, n'kudutsa m'mbatata muja. Mvula inali itachedwa chaka chimenecho, dambo linali louma gwa. Pachipilala paja amayi anatula sutikesi kuti akonze nkhata, ine ndinakhalapo n'kukutumula mchenga m'nsapato. Umo ndi mmene ndinatulukira m'dziko la Malawi.

Azakhali a Rozina ndi munthu wamfupi, wamawu aakulu, amene sadziwa kunong'ona. Anatilandira ndi nthungululu, anapha bakha wonenepa, anaphika mpunga wa m'dimba mwawo, anaitana mudzi wonse kuti udzaone viza. Atatha kundipempherera anandigwira masaya n'kunena kuti ndafanana ndi mlongo wawo, ndipo tonse tinalira pang'ono. Mmawa mwake ndinamanga katundu n'kunena kuti tibwerere kwathu kuti ndikakwere njinga ya ku Marka.

"Ku Marka ukatani?" anafunsa azakhali.

"Ndikalowe m'Mozambiki, azakhali."

Anayang'ana amayi, anayang'ana ine, kenako anaponda pansi ndi phazi. "Nanga pano waima pati? Dothi ili ndi la ku Malawi? Mwananga, sukulu isakuzunguze mutu usanaiyambe. Ubwerere kwanu, uzungulire mtunda wonse uja ndi sutikesi, kuti ukalowe m'dziko lomwe wagonamo kale? Lole ya a Zhuwau imadutsa pano pomwe popita ku Mutarara. Pepala la boma uli nalo kapena nkhabe?"

"Ndili nalo."

"Basi, pyadidi, zili bwino. Ukhale pansi umwe tiyi."

Ndikuuzeni zoona, mawu amenewa anandigwira mtima. Ndinawatembenuza uku ndi uku osapeza polakwika. Ine viza ndinkaiona ngati tikiti ya basi: bola uli nayo m'thumba, pokwerera ndi paliponse. Ndinaikulunga pasipoti m'pepala la pulasitiki, n'kuimangirira m'chiuno ndi mpango kuti fumbi lisaidetse, n'kukwera pamwamba pa matumba a chitowe. Panjira apolisi anatiimitsa kamodzi. Mmodzi anandipatsa moni m'Chisena, ine ndinayankha m'Chisena chenicheni cha bambo anga, iye n'kupitirira kukafunsa wina. Ndinanyada bwanji! Ndinati onani, dziko lino likundidziwa.

Ku Beira zinthu zinayamba bwino. Ndinalembetsa, anandipatsa chipinda, ndinayamba kulowa m'kalasi, Chipwitikizi chikundipota lilime koma ndikulimba nacho. M'chipindamo ndinali ndi mtsikana wa ku Zimbabwe, dzina lake Tendai, amene mapepala ake ankawasamala ngati khanda. Tsiku lililonse ankatsegula pasipoti yake, kuwerenga masiku, kuitsekanso. Ine ndinkamuseka. Ndinkamuuza kuti iye ndi mlendo, ine kuno ndi kwathu, kumsika amandigulitsa nsomba pamtengo wa mwana wa pakhomo. Ndinafika mpaka pomulangiza kuti asamade nkhawa ndi zinthu zazing'ono (inde, ine amene, kupereka malangizo a zolowa ndi kutuluka m'dziko).

Patapita milungu ingapo anatiitana tonse ochokera kunja ku ofesi yoona za ife, kuti atithandize kupempha chiphaso chokhalira m'dziko. Mu ofesimo munali mayi wachikulire wovala magalasi a chingwe, Dona Selesite, amene ankalankhula Chisena chokoma ngati cha kwathu. Tendai analowa, sanachedwe, anatuluka akumwetulira. Ine ndinalowa ndikugwedeza mapewa, n'kumasula pulasitiki uja monyadira. Pasipoti inali yoyera mbee ngati mbale yosadyerapo.

Dona Selesite anatsegula tsamba la viza, anagwedeza mutu movomereza. Anatsegula lotsatira. Anatsegula lina. Anafika kumapeto, anabwerera koyamba, ananyambita chala, anayambiranso. Kenako anavula magalasi.

"Mwananga, unalowera pati?"

"Kwa azakhali anga."

"Ndikufunsa chipata. Chidindo cholowera chili kuti?"

"Chidindo chake chiti? Viza si imeneyo?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, koma mmene amayang'anira munthu amene wabwera ku ukwati tsiku lolakwika. "Viza ndi chilolezo chogogoda pakhomo. Chidindo ndicho chimanena kuti anakutsegulira. Iwe walowera pawindo. Malinga ndi bukhu ili, sunafike."

"Koma ndili pano, Dona. Ndalemba kale mayeso awiri."

"Thupi lako lili pano. Koma boma likudziwa kuti uli ku Nsanje, ndipo munthu amene ali ku Nsanje sindingamupemphere chiphaso chokhalira ku Beira."

Pamenepo anandionetsa tsiku lija bambo wa pawindo analoza ndi chala. Viza inayenera kudindidwa pachipata tsikulo lisanadutse, ndipo tsikulo linali Lachisanu la sabata yomweyo. Likangodutsa, viza yafa isanagwire ntchito. Ndiye kuti kubwerera ku Blantyre, kuyambiranso apolisi, chipatala ndi zithunzi zolusa, chaka cha sukulu n'kundisiya, ndipo a bungwe anali atanena kale poyera kuti wolephera kukonza mapepala malo ake apatsidwa wina. Ndinaona amayi a chigwirizano akupukuta manja pachitenje, ndinaona amayi anga atasenza sutikesi, ndipo misozi inangoyamba yokha.

"Usalire pa pasipoti, uinyowetsa," anatero Dona Selesite, n'kundipatsa kansalu. "Ine sindikuuza podutsa, si ntchito yanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti bukhu ili liyenera kuonekera pachipata lisanafike Loweruka. Aphunzitsi ako ndiwauza kuti wapita kukakonza mapepala. Koma chinthu chimodzi: akakufunsa, usaname. Bodza pachipata ndi lolemera kuposa sutikesi."

Nditamuuza Tendai ndinadikira kuti andibwezere chiseko changa chonse, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sanaseke. Anandibwereka jekete lake la mvula, anandifungatiza buledi ndi mtedza, n'kundiperekeza kokwerera. Kusaseka kwakeko kunandipweteka kuposa mbama.

M'mutu mwanga nzeru inali imodzi. Pachipata sindingatulukire, popeza sindinalowerepo. Ndiye ndibwerere mmene ndinabwerera, ndidutse m'mbatata muja mwakachetechete, ndikafike kwathu, kenako ndikaonekere pa Marka ngati munthu amene akuyamba kumene ulendo. Chimene sindinawerengere ndi mvula. Ija inachedwa ija inali itabwera ndi abale ake onse. Kuchokera ku Mutarara lole inatitimira kangapo, amuna akutsika kukankha, ine ndikupemphera ndi diso limodzi lili padzuwa. Ndinafika kwa azakhali Lachinayi m'mawa, matope mpaka m'mawondo, n'kuyang'ana kudambo. Kunalibe dambo. Kunali nyanja, madzi ofiira kuyambira kuseri kwa khola la azakhali mpaka kuchulu cha kwathu. Wophunzira za madzi ndinaima pamenepo, nzeru zonse za m'kalasi zili phee.

"Mwananga! Akuthamangitsa?" anakuwa azakhali.

Apa ndi pamene ndinawonjezera cholakwa pa cholakwa. Ndinachita manyazi kunena zoona, komanso sindinafune kuti aganize kuti ndikuwaloza chala chifukwa cha malangizo awo aja. Ndinangoti pali pepala lina limene ndinaiwala kwathu, ndipo pobwerera mawa ndidzera pachipata chifukwa cha madziwa. Azakhali sanafunse zambiri. Anakabwereka bwato kwa aneba, anakwinya chitenje, anagwira nkhafi okha. Ine ndinakhala pakati, pasipoti nditaimangira pamutu ndi duku, manja nditawapinda pachifuwa chifukwa madzi akasefukira kwathu ng'ona zimayendera anthu m'minda. Pakati pa ulendo tinapeza chipilala chija changotsala mutu. Azakhali anachikankha ndi nkhafi kuti bwato liwongoke, ndipo umo ndi mmene ndinabwererera m'dziko la Malawi.

Amayi atandiona ndikutuluka m'madzi ndi jekete la eni, anakhala pansi pomwepo. Sipanatenge nthawi, amayi a chigwirizano anayamba kufika mmodzimmodzi, kukhala pakhonde mwakachetechete ngati pamaliro. Ndinkamva manong'onong'o kuseri kwa nkhokwe. Wina anati walephera mayeso. Wina anati ayi, muyang'aneni bwino m'chiunomo, ku Beira kuli anyamata a m'sitima zapamadzi. Ndinayesa kufotokoza.

"Ndabwera kuti ndidzanyamuke."

"Si unanyamuka kale?" anafunsa amayi.

"Ndinanyamuka, koma boma silinaone."

"Ndiye wachoka ku Beira, wawoloka madzi a ng'ona, kuti boma likuone ukupita ku Beira?"

"Eya, amayi."

Agogo aja anayang'ana pasipoti chozondoka anapukusa mutu n'kunena kuti sukulu yambiri si yabwino kwa mwana wamkazi. Tsiku limenelo ndinalibe mphamvu zowatsutsa.

Lachisanu m'mawa ndinavala diresi yanga yabwino, ndinapesa tsitsi, n'kukwera njinga yamoto. Njira yonse ndinkayeseza nkhope ya munthu amene sanaonepo Mozambiki chibadwire. Tinagwa kamodzi m'matope, diresi inasintha mtundu mbali imodzi, koma tinafika pa Marka dzuwa lili pamutu. Mbali ya kwathu sipanavute, anandidindira chotulukira n'kundifunira mafuno abwino. Ndinayenda kamtunda kaja kukafika mbali inayo.

Pawindo panali bambo wamtali, wa imvi zochepa m'mbali mwa makutu. Anaona viza, anaona tsiku, anandiyang'ana.

"Mwafika tsiku lomaliza, chemwali. Ulendo woyamba?"

Mawu a Dona Selesite anandilira m'khutu. "Pachipata pano, woyamba, bwana," ndinayankha, ndikudziuza kuti limenelo si bodza kwenikweni. Bamboyo anatenga chidindo, anachinyika mu inki, anachikweza m'mwamba.

"Ndi ameneyo! Ndi ameneyo mwana wa mlongo wanga!"

Mawuwo ndikanawazindikira ngakhale ndili m'manda. Ndinacheuka. Azakhali a Rozina anali akubwera chothamanga, matope mpaka m'ntchafu, dengu lili pamutu. Anali atalawira mmamawa wapansi, kuzungulira madzi onse aja, kuti adzandipatse kamba wa paulendo, popeza ndinawauza ndekha kuti ndidzera pachipata. Anatula dengu pawindo pomwepo, n'kumuyang'ana bambo uja monyadira.

"Bwana, mumuone bwino ameneyu. Ndi wa yunivesite! Mwezi wathunthu ali ku Beira, mayeso walemba kale awiri. Chipwitikizi akulankhula ngati wobadwira komweko. Lankhula, mwananga, bwana amve!"

Chidindo chinatsika pang'onopang'ono n'kukhala pambali, osakhudza pasipoti. Ndinayesa kuwatsinzinira azakhali diso, iwo anandifunsa mokweza ngati mwalowa kachitsotso. Tsoka silinunkha, koma langa tsiku limenelo linkanunkhira bakha wootcha.

"Mwezi wathunthu ku Beira," anatero bamboyo, akutsegula masamba oyera aja. "Munapita pandege ya usiku, chemwali? Talowani mkati nonse awiri."

Mkatimo ndinanena zonse, kuyambira sefa, chipilala, lole ya chitowe, Dona Selesite, mpaka bwato. Ndinkalankhula ndikulira, mamina ali chuchuchu, ulemu wonse wa yunivesite utathera panja. Bamboyo anandiuza mosapsatira kuti kulowa m'dziko mozemba chipata ndi mlandu, ndipo ali ndi mphamvu zondibweza, viza n'kufera m'manja mwanga madzulo omwewo. Azakhali, amene tsopano anali atamvetsa chimene pakamwa pawo pachita, anakhala chete koyamba chibadwire changa. Kenako anaimirira.

"Bwana, ngati pali womanga, mangani ine. Mwanayu ankafuna kudzera kuno, ndinamuletsa ndine. Njira imeneyo ine sindiiona ngati yozemba. Ndinadutsa momwemo mfuti zikulira kumbuyo, nditagwira dzanja bambo ake a mwanayu, tilibe ngakhale chikho. Tsidya linalo anthu sanatifunse pepala, anatipatsa madzi ndi pogona. Kuyambira pamenepo ndimadziwa kuti njira ija ndi ya moyo. Kuti masiku ano inasanduka mlandu, nkhabe kudziwa ine, sindimadziwa. Musamuphere sukulu mwana wamasiye chifukwa cha umbuli wanga."

Nkhani imeneyi ndinali nditaimvapo kambirimbiri, koma sindinaimvepo ikukambidwa kwa munthu wa yunifolomu.

"Mama," anatero bamboyo motsitsa mawu, "inenso amayi anga anandibereka kumbuyo kudutsa njira ngati imeneyo. Kuwerenga ndinaphunzirira pansi pa mtengo ku Nsanje, mumsasa wa othawa nkhondo. Ndikuidziwa. Koma nthawi ija tinkathawa. Mwana uyu sakuthawa, akupita kukakhala zaka m'dziko lino. Tiyenera kudziwa kuti tili ndi mlendo, kuti akadwala kapena akasowa tidziwe kuti tikufuna ndani. Chipatachi anachiika kuti anthu asamathawenso, azilowa masana ndi mayina awo."

Sanangondikhululukira ayi, musaganize choncho. Anaimbira foni akuluakulu ake, anafotokoza, anadikira, anaimbanso. Anandilembetsa zonse zimene ndinachita ndi dzanja langa, n'kusayina pansi. Chindapusa chinalipo, cha boma, cha risiti yake, ndipo mbuzi ina ya azakhali inasintha mwini chifukwa cha ine. Anandikalipira mokwanira, mpaka ndinalakalaka akanangondimenya. Dzuwa litapendeka anatenganso chidindo chija, anachinyika, ndipo ulendo uno azakhali anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Chinagwa kuti phaa! Nyimbo zonse za kwaya ya kwathu sizinandikomerepo ngati kaphokoso kameneko.

"Takhuta, bwana! Takhuta, mwananga!" anathokoza azakhali m'Chisena, akugwada n'kuyamba kumasula dengu kuti amupatse bakha. Bamboyo anakana, akuseka, kuti pantchito salandira kanthu. Azakhali anakhumudwa kwambiri, ndipo mpaka lero amati ndi mwana wabwino koma sanaleredwe bwino pa nkhani ya chakudya.

Lolemba ndinalowanso mu ofesi ya Dona Selesite. Anatsegula pasipoti, anapeza chidindo, anavala magalasi bwinobwino n'kundigwira chanza. "Takulandira ku Beira, mwananga. Wayenda bwanji?" Tendai, amene anali atadzigwira masiku onse aja, anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde, ndipo ndinamulola chifukwa anali atagwirira ntchito chiseko chimenecho. Chiphaso chokhalira m'dziko chinatuluka patapita nthawi, ndipo sukulu ndikupitiriza. Ndikawerenga anthu amene anandinyamula pa uchitsiru wanga, mayi wa magalasi, mtsikana wa jekete, bambo wa pachipata, ndi azakhali amene anapalasa bwato pakati pa ng'ona osandifunsa chifukwa, ndimasowa poyambira kuthokoza. Palibe mmodzi mwa iwo amene anali ndi ngongole ndi ine.

Masiku ano ndine munthu wa malamulo. Ophunzira atsopano akafika ndimawafunsa za chidindo ndisanawafunse dzina. Ndikabwera kutchuthi ndimadzera pachipata, ndipo ndikafuna kukaona azakhali ndimakwera njinga yamoto, kuzungulira ku Marka, kudinditsa, n'kukafika madzulo nditatuwa ndi fumbi, pamene amayi anadutsa m'mbatata kalekale ndipo amaliza kumwa tiyi. Azakhali moni wawo kwa ine unasintha. Sanenanso kuti wayenda bwanji, amangokuwa ndili patali: "Wadinda?"

Tchuthi chathachi, tsiku loti ndinyamuka mawa lake, ndinawaona azakhali akutulukira kuchulu cha kumunda kwathu, dengu lili pamutu, akupuma movutikira chifukwa miyendo yayamba kuwakana. Anati sakanalola kuti ndipite osandiika manja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaphunzitse za chipata, koma nditaona matope a m'njira ija kumapazi awo ndinatsekanso. Ndinagwada, anandipempherera. M'dengumo munali bakha wootcha. Ndinamuyang'ana, ndikudziwa bwino lomwe kuti walowa m'dziko muno wopanda chidindo, ndipo ndinamudya mpaka mafupa.